Kumanga supercharger pa Camaro ya 1969: yambani ndi ladiyeta, blower ibwere pomaliza

Injini ya Chevrolet 350 ikamangidwa supercharger (kapena kuti blower, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwonjezere mphamvu), chimene chimaipha kawirikawiri ndi kutentha. Mphamvu yowonjezerayo zitsulo zake zimatha kuipirira ndithu, koma moto ukachuluka mu silinda n'kusowa kolowera, pisitoni imasweka m'mphepete, gasiketi ya hedi imapsa, ndipo ndalama zonse zija zimathera m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake malangizo awa sakuyambira pa blower yonyezimira imene aliyense amafuna kuiona pamwamba pa injini. Tiyamba ndi kupima injini, kenako zoziziritsa, petulo ndi moto wa mapulagi. Blower ikwera zonsezi zitakhala m'malo.

Galimoto imene ndikuperekera chitsanzo ndi Camaro ya 1969 yokhala ndi V8 ya 350, ndiye kuti malita 5.7, ndipo blower yake ndi Weiand 142 ya kabuleta imodzi. Injini ya 350 inayamba kutuluka mu 1967 mu Camaro SS, ndipo ndi ya m'banja la small-block limene Chevrolet inayambitsa mu 1955. Choncho zambiri mwa izi zigwiranso ntchito pa Nova, Chevelle kapena El Camino, ngakhalenso pa Chevrolet SS ija inkagulitsidwa ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, bola ikhale ya 350. Miyezo yambiri ndaisiya mu mainchi, psi ndi ft-lb poti zipangizo za ku America zimabwera choncho. Masipanala a mamilimita sakwana bwino pa mabawuti a injini imeneyi, ndiye gulaniratu a mainchi, pamodzi ndi torque wrench yodalirika.

Weiand 142 ndi blower ya mtundu wa Roots. Mtunduwu anaukonza ndi abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville, Indiana, omwe anaulembetsa mu 1860 kuti uzipopera mpweya m'ng'anjo zosungunulira chitsulo. Mkati muli zitsulo ziwiri zozungulira molowerana zimene zimatapa mpweya pamwamba n'kuukankhira pansi. Blower yaikulu yotchuka ija ya 6-71 inachokera pa injini za dizilo za Detroit Diesel za masilinda 6, ndipo ndi imene imatulukira pa boneti ndi makabuleta awiri. Pa galimoto yoyendera pa msewu ine ndingasankhe 142. Ndi yaifupi, imapereka mphamvu injini ikangochoka pa idle, ndipo boost yake (pressure ya mpweya umene imakankhira mu injini) ya psi 5 mpaka 7 ndi imene 350 yomangidwa bwino ingakhale nayo zaka zambiri. Palinso mtundu wa centrifugal monga Paxton, Vortech ndi ProCharger, ndipo Shelby ankamanga Paxton pa Mustang GT350 ya 1966 kwa ofuna. Ubwino wa mtundu umenewo ndi woti mpweya umatha kudutsa mu intercooler, chipangizo chouziziritsa, usanalowe mu injini. Pa Roots ya kabuleta pamwamba mpata wa intercooler nthawi zambiri palibe, ndiye nkhani ya kutentha ndi yanu kuithana nayo mwa njira zina.

Choyamba: injini ili bwino?

Musaitanitse chilichonse musanapime compression. Tenthetsani injini, chotsani mapulagi onse 8, tsegulani throttle mpaka kumapeto, ndipo pimani silinda iliyonse n'kulemba. Masilinda asasiyane kupitirira 10 peresenti. Kenako chitani leak-down test, yomwe ndi kupopera mpweya mu silinda pisitoni ili pamwamba mavalavu atatseka. Mpweya wothawa ukakhala wosafika 10 peresenti, zili bwino. Ukayandikira 20, injiniyo ikufunika kuphwasula. Tcherani khutu kuti mudziwe kumene ukutulukira: mukaumva ku ekizozi kapena ku kabuleta, vuto ndi mavalavu, mukaumva pothirira oyilo ndi maring'i, ndipo thovu likamatuluka mu ladiyeta gasiketi ya hedi yatha kale.

Oyilo akhale ndi pressure ya pafupifupi psi 10 pa 1,000 rpm iliyonse injini itatentha. Ngati timing chain sinasinthidwepo, isintheni. General Motors nthawi imeneyo inkaika giya ya camshaft ya mano okutidwa ndi nayiloni, ndipo manowo akakalamba amayoyoka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Ikani ya chitsulo ya double roller. Onaninso harmonic balancer kutsogolo kwa crank. Ili ndi labala pakati, ndipo labalayo akauma mphete yakunja imatsetsereka, chizindikiro cha TDC (pamene pisitoni yafika pamwamba penipeni) n'kumanama. Pa injini wamba madigiri anayi olakwika a timing (nthawi imene mapulagi amayatsa moto) samveka kwenikweni, koma pa injini ya boost amabowola pisitoni. Tsimikizani TDC ndi piston stop, kapena ingogulani balancer yatsopano.

Chachiwiri: masamu a compression

Apa ndi pamene Camaro ya 1969 imavuta. Injini ya 350 ya mahatchi 300 ya chaka chimenecho inali ndi compression ya 10.25:1, ndipo LT-1 ya 1970 inafika 11:1. Mu 1971 General Motors inatsitsa compression kufika cha m'ma 8.5:1 pa injini zambiri kuti zizitha kugwiritsa ntchito petulo wopanda mtovu. Injini zija anthu amazinyoza kuti n'zofooka ndi zimene zimagwirizana ndi blower.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Gawani boost ndi 14.7, onjezerani 1, ndipo chotsatiracho chulukitsani ndi compression ya injini. Pa psi 6 mupeza 1.41. Mukachulukitsa ndi 8.5 mupeza pafupifupi 12, amene ndi malire a petulo wabwino wa pa filing'i siteshoni. Mukachulukitsa ndi 10.25 mupeza 14.4, ndipo pamenepo injini iyamba kugogoda (petulo kuphulika mosalongosoka mu silinda) ngakhale mutabweza timing chotani. Ngati injini yanu ikadali ndi compression yake ya 1969, muli ndi njira ziwiri: kuika mapisitoni a forged okumbika pamwamba, kapena kusintha mahedi a 64cc n'kuika a 76cc. Njira ya mapisitoni ndi imene ndingalimbikitse, chifukwa mapisitoni akale a cast sapirira kugogoda ngakhale kwa masekondi ochepa. Cholinga chikhale pakati pa 8:1 ndi 8.5:1.

Mukatsegula injini, kulitsani mpata wa maring'i. Ring'i yapamwamba ikatentha imatalika, ndipo nsonga zake zikakumana imakanirira mu silinda n'kuthyola mutu wa pisitoni. Pa silinda ya mainchi 4.00, mpata wa 0.020 mpaka 0.022 inchi ndi wabwino pa boost yochepa chonchi, koma pepala la wopanga mapisitoni likanena zina, tsatirani limenelo. Camshaft ikhale ya lobe separation (kutalikirana kwa nsonga za cam za valavu yolowetsa ndi yotulutsa) ya madigiri 112 mpaka 114. Cam zija zimagwedeza galimoto pa idle zimasiya mavalavu onse awiri otsegula nthawi yaitali, ndiye blower imangokankhira petulo wosapsa ku ekizozi.

Samalani ndi nambala za octane, zosonyeza mmene petulo amapiririra kugogoda. Ku America nambala ya pa pampu ndi AKI, pomwe ku South Africa, ku Britain ndi maiko ambiri amalemba RON. Pepala la ku America likati 91, ndiye kuti RON ya pafupifupi 95. Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi gawo lake. Ku Denver kapena ku Johannesburg mpweya ndi wopepuka, injini imalola timing yochulukirapo. Galimoto yochunidwira kumeneko ikatsikira ku gombe, monga ku Durban, imatha kuyamba kugogoda popanda chimene mwasintha.

Chachitatu: zoziziritsa

Mvetsani kaye kumene kutenthako kukuchokera. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Ngakhale blower itakhala yangwiro, kupanikiza mpweya wa madigiri 30 a Celsius kufika psi 6 kumauwonjezera madigiri 30 ena. Roots yakale si yangwiro, pafupifupi theka la ntchito yake limasanduka kutentha, ndiye mpweya ungathe kufika cha m'ma 90 pansi pa blower. Petulo wodutsa mu blower amauziziritsako akamasanduka nthunzi, koma osati mokwanira kuti muiwale za nkhaniyi. Kuwonjezera apo, injini ikuwotcha petulo wochuluka kuposa kale, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutentha kwa petuloyo limathera m'madzi a injini. Ladiyeta ya mkuwa ya zaka zoposa 50, imene theka la timachubu take tinatsekeka ndi dzimbiri, singakwanitse.

Yambani ndi kutsuka block. Masulani timapulagi tiwiri totayira madzi m'mbali mwa block, pamwamba pang'ono pa sampu. Nthawi zambiri mukachotsa kapulagiko sipatuluka kanthu, kufikira mutabaya ndi waya, ndiye kumatuluka matope ofiira. Matope amenewo amakhala atazungulira pansi pa masilinda, malo amene madzi amayenera kudutsa. Tsukani mpaka madzi atuluke oyera, ndipo ngati ma freeze plug akuoneka odyeka, asintheni ndi a brass injini ikadali poyera.

Ladiyeta ikhale ya aluminiyamu ya crossflow, ya mizere iwiri ya timachubu ta inchi imodzi kapena kuposerapo. Musakopeke ndi kuchuluka kwa mizere. Ladiyeta yochindikala kwambiri ya timachubu ting'onoting'ono imavuta kuti mphepo idutse, ndipo mizere yakumbuyo imalandira mphepo yotentha kale. Chofunika ndi kukula kwa nkhope yake: tengani yaikulu imene ingalowe pa chitsulo chogwirira ladiyeta. Imangeni pa timalabala, chifukwa aluminiyamu akamangidwa molimba pa bodi yopindikapindika amang'ambika m'mawotcherero.

Chitsekero cha ladiyeta chikhale cha psi 16. Psi iliyonse imakweza powirira madzi ndi madigiri pafupifupi 1.7, ndipo madzi osakaniza theka ndi theka ndi coolant amafika cha m'ma 129 asanawire. Izi n'zofunika kwambiri kuzungulira mavalavu a ekizozi, pamene madzi amatha kuwira pang'ono geji ikuonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo pamene pali nthunzi chitsulo sichizizira. Gwiritsani ntchito madzi a distilled. Madzi a pa mpopi kapena a pa mjigo ali ndi mchere umene umadya aluminiyamu. Ikaninso kabotolo kolandira madzi osefukira kuti azibwerera injini ikazizira.

Thermostat musaichotse. Amakaniko ambiri amaichotsa injini ikamatentha, koma pamenepo amakhala abisa vuto osalithetsa. Thermostat imathandiza kuti mu block mukhale pressure, komanso kuti injini ifike msanga pa kutentha kogwirira ntchito, oyilo asadzaze ndi chinyontho ndi petulo. Ikani ya high-flow ya madigiri 82, imene pa paketi amalemba 180°F, ndipo boolani kabowo ka 1/8 inchi m'mphepete mwake kuti mpweya uzituluka pothira madzi.

Pampu ya madzi ili ndi misampha iwiri. Small-block ili ndi pampu yaifupi ndi yaitali. Magalimoto ambiri a Chevrolet ankagwiritsa ntchito yaifupi mpaka 1968 ndipo yaitali kuyambira 1969, koma pa galimoto yakale chonchi simudziwa amene anaigwirapo, ndiye pimani. Blower nayo imagulitsidwa ya mphuno yaitali kapena yaifupi mogwirizana ndi pampuyo, ndipo mukalakwitsa mapule sadzayang'anizana. Msampha wina ndi mbali yozungulirira. Pampu zopangidwira lamba wa serpentine zambiri zimazungulira chobwerera, ndipo yoteroyo ikaikidwa pa malamba a V injini imatentha mosadziwika bwino. Paipi yam'munsi ya ladiyeta ikhale ndi sipuling'i mkati, apo ayi pampu ikamakoka mwamphamvu paipiyo imafwaphira, madzi n'kuleka kuyenda pa nthawi imene mukuwafuna kwambiri.

Fani ndi shroud yake (chophimba chozungulira fani cholondolera mphepo) ndi zimene zimapulumutsa galimoto pa mzere wa magalimoto m'tauni. Lamba wa blower amadya malo kutsogolo kwa injini, choncho pimani mpata wotsala pakati pa pule ndi ladiyeta musanagule fani. Ngati mukusunga fani yoyendera injini, ikhale ya clutch, ndipo mapiko ake alowe theka mu shroud, theka likhale kunja. Ngati mukuika zamagetsi, zikhale zokoka mphepo kuchokera kumbuyo kwa ladiyeta, zokwana 2,500 mpaka 3,000 cfm (ma cubic feet a mphepo pa mphindi), zili mu shroud yophimba ladiyeta yonse. Fani yongomangirira pa ladiyeta popanda shroud imaziziritsa kabwalo kamene ili basi. Mafani oterewa amadya ma amp 20 mpaka 40, pomwe alternator ya 1969 inkapereka pakati pa 37 ndi 63. Ikani ya ma amp 100 kapena kuposa, waya wonenepa wopita ku batire, relay ndi fyuzi pa fani iliyonse, ndi switch yoyatsa yokha madzi akafika cha m'ma 90.

Chomwe ambiri amaiwala ndi kutseka mipata. Mphepo imadutsa posavuta, ndiye ikapeza mpata pamwamba kapena m'mbali mwa ladiyeta imalambalala. Tsekani mipata yonse ndi labala kapena foam, ndipo ngati spoiler ya pansi pa bampala inachotsedwa, ibwezeni, chifukwa imathandiza kukoka mphepo yotentha kutuluka pansi pa injini. Mukafuna kudziwa kumene kuli vuto pambuyo pake, kumbukirani ichi: galimoto yotentha ikaima koma n'kuzizira ikamayenda, vuto ndi fani kapena shroud. Yotentha ikamathamanga pa msewu waukulu, vuto ndi ladiyeta, kayendedwe ka madzi, timing yochedwa kapena petulo wochepa.

Ngati giyabokosi ndi ya automatic monga TH350, ipatseni cooler yakeyake kutsogolo kwa ladiyeta. Oyilo wa injini akamapitirira madigiri 120, ikani oil cooler ya thermostat. Pa mpweya wolowa, onetsetsani kuti sefa ikukoka mpweya wakunja osati wa pamwamba pa ekizozi. Boneti ya cowl induction, imene Chevrolet inkagulitsa pa Camaro ya 1969, imathandiza pawiri: imapereka mpata wa blower komanso imatenga mpweya wozizira pafupi ndi galasi lakutsogolo. Water-methanol injection (kupopera madzi osakaniza ndi methanol mu mpweya wolowa) imathandizanso, koma ndimaiona ngati chowonjezera chitetezo. Musachunire injini modalira iyo, poti kathanki kake kakauma simudzamva chenjezo lililonse.

Zonsezi zimangeni ndipo yendani nayo galimoto sabata zingapo blower isanakwere. Ikatentha panopa, mudziwa kuti vuto si blower.

Chachinayi: petulo

Injini ya blower imadya pafupifupi mapaundi 0.6 a petulo pa hatchi iliyonse pa ola. Pa mahatchi 450 ndiye mapaundi 270, kapena malita pafupifupi 170 pa ola mukapondetsa mpaka pansi. Pampu ikhale yopereka kuposa pamenepo, ndipo geji izionetsa psi 6 mpaka 7 pa kabuleta ngakhale mukuthamanga. Paipi yochokera ku thanki isachepere 3/8 inchi, ndipo 1/2 inchi ndi yabwino koposa. Tsitsani thanki muitsuke, sinthani kasefa ka mkati, ndipo mapaipi onse a labala akale achoke. Petulo wa masiku ano ambiri ali ndi ethanol, amene amadya labala wakale. Paipi iliyonse idutse kutali ndi ekizozi.

Kabuleta ya Holley ya 750 cfm imakwana, koma ikhale yokonzedwera blower. Chifukwa chake ndi power valve, kavalavu kamene kamawonjezera petulo vacuum ikatsika. Kabuleta ikakhala pamwamba pa blower imaonabe vacuum chifukwa blower ikukoka, ngakhale pansi pake pali boost. Ndiye kavalavuko kangathe kukhala kotseka pa nthawi imene injini ikufuna petulo wambiri. Kabuleta ya blower ili ndi kachubu kotengera chizindikirocho pa manifold pansi pa blower. Musadumphe zimenezi. Wotcherani pa ekizozi poika wideband oxygen sensor, yoyeza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo, ndipo geji yake ikhale pomwe mukuiona mukuyendetsa.

Chachisanu: moto

Boost imafuna moto wochedwerapo. Disitibyuta ya mapointi ichoke, muike yamagetsi. HEI, disitibyuta yamagetsi ya General Motors ya chipewa chachikulu, nthawi zina imagunda kumbuyo kwa blower, choncho ya chipewa chaching'ono ndi yosavuta. Gulani bokosi lobweza timing boost ikamakwera, monga MSD 6-BTM, limene limabweza kuyambira 0 mpaka madigiri 3 pa psi iliyonse. Poyambira ikani initial (timing ya pa idle) ya madigiri 16 mpaka 18, total (timing yonse injini ikamathamanga) ya 30 mpaka 32, ndipo bokosilo libweze madigiri 2 pa psi. Mudzachepetsa pambuyo mukaona kuti injini ikulola. Mapulagi akhale ozizirirapo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri, mpata wake 0.032 mpaka 0.035 inchi, poti mpata waukulu moto umazimitsidwa ndi pressure.

Chachisanu ndi chimodzi: kumanga blower

Chotsani waya wa negative pa batire ndipo tayani madzi. Zunguzani crank mpaka silinda 1, yakutsogolo kumanzere mukakhala pa mpando, ifike TDC pa compression, ndipo lembani pamene rotor yaloza musanazule disitibyuta. Chotsani kabuleta ndi manifold yakale. Tsekani madoko ndi nsanza zoyera, yalani nsalu pakati pa V, palani gasiketi yakale mpaka chitsulo chiwale, n'kupukuta ndi brake cleaner. Werengani nsanzazo poziika ndi pozichotsa.

Yesani manifold yatsopano popanda gasiketi kuti muone ngati yakhala bwino, makamaka ngati mahedi anapalidwapo. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa block musaike timagasiketi ta koko tija timabwera m'paketi, timatsetsereka. Ikani mzere wa RTV silicone wonenepa 1/4 inchi, ufike pang'ono pa magasiketi a m'mbali. Tsitsani manifold molunjika kamodzi, osaikhwekhwereza. Mangani mabawuti kuyambira pakati kupita kunja mopingasa, m'magawo atatu, mpaka 25 kapena 30 ft-lb. Bwezani disitibyuta ndipo onetsetsani kuti yakhala pansi penipeni, yagwira shafuti ya pampu ya oyilo.

Tsopano blower. Izunguzeni ndi dzanja isanakwere kuti mumve kupepuka kwake. Iikeni pa gasiketi yake youma, ndipo mabawuti ake amangeni pang'onopang'ono mopingasa, mukuzunguza pule ndi dzanja bawuti iliyonse ikamangidwa. Torque yake ndi yochepa modabwitsa, cha m'ma 10 ft-lb, ndipo pepala la wopanga ndi limene lili ndi mawu omaliza. Mpata wa pakati pa zozungulira ndi khoma la blower ndi wochepa kwambiri moti mukamanga mopitiriza bokosilo limapindika, zitsulo n'kuyamba kukhulana. Mukamva kuti yayamba kulimba pozunguza, masulani muyambirenso. Onani oyilo wa m'magiya ake kutsogolo.

Mangani pule yam'munsi pa crank, kenako ikani rula yachitsulo pa nkhope za mapule awiriwo. Akhale pa mzere umodzi. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena iwiri kumadya lamba m'mphepete kapena kumuponya kunja. Kukula kwa mapule ndi kumene kumapanga boost. Injini ya 350 imameza ma cubic inch 175 crank ikazungulira kamodzi. Blower ya 142 yozungulira ka 1.95 pa kuzungulira kumodzi kwa crank imakankha 277. Pa pepala zimenezi ndi psi 8 ndi theka, koma mpweya wina umathawira m'mipata, ndiye geji imaonetsa 5 kapena 6. Yambani ndi pule yapamwamba yaikulu imene muli nayo.

Timachubu ta vacuum musatisokoneze. Ya mabuleki ndi ya PCV (valavu yotulutsa nthunzi ya mu sampu) zichokere pa kabuleta, pamwamba pa blower. Ya geji ya boost, ya bokosi la timing ndi ya power valve zichokere pansi pa blower. Throttle ikhale ndi masipuling'i awiri obwezera, ndipo wina apondetse mpaka pansi inu mukuyang'ana ngati yatseguka yonse n'kubwerera yokha. Musanatseke boneti, ikani timibulu ta dongo pamwamba pa sefa ya mpweya, tsekani pang'onopang'ono, tsegulani n'kupima mmene dongolo laphwatalalira. Pakhale mpata wosachepera theka la inchi, chifukwa injini imapendama ikamakoka.

Kupendamako kukutikumbutsa za ma engine mount. Mu 1971 General Motors inaitanitsa magalimoto a Chevrolet oposa 6 miliyoni a zaka za 1965 mpaka 1969 chifukwa mount ya kumanzere inkaduka, injini n'kudzuka n'kukoka throttle. Ikani ma mount a interlocking. Ngati kutsogolo kuli mabuleki a drum, ikani a disc galimoto isanatuluke pa geti. Difu ya 10-bolt ya mainchi 8.2 siikhalitsa pa matayala ogwira kwambiri, ndipo ya 12-bolt ndi imene inapangidwira ntchito yotere. Ma subframe connector amalimbitsa bodi ya Camaro kuti isapotoke.

Kuliza ndi kuchuna

Thirani madzi pang'onopang'ono kutsogolo kwa galimoto kutakwezedwa ndi jeke, heater ili yotsegula. Tsimikizani mawaya a mapulagi: 1-8-4-3-6-5-7-2, rotor ikuzungulira motsata wotchi. Mawaya a 5 ndi 7 asayende mogundana, chifukwa masilinda amenewa amayaka motsatizana ndipo moto ukadumpha, 7 imayaka nthawi isanakwane. Chozimitsira moto chikhale pafupi, sefa ya mpweya ikhale pamalo pake, ndipo munthu asaweramire pa kabuleta. Pansi pa blower pali mpweya wosakanikirana kale ndi petulo, ndiye injini ikabwezera moto imaphulika mwamphamvu.

Ikalira, yang'anani oyilo kaye, kenako kudontha kwa petulo, ndiye timing light. Isiyeni itenthe mpaka thermostat itseguke ndipo mafani ayake okha n'kuzima okha. Ikazizira, onjezerani madzi ndipo bwerezani torque ya mabawuti a manifold.

Ulendo woyamba musalowe mu boost. Geji ya madzi ikhale pakati pa 82 ndi 95, ndipo wideband ionetse cha m'ma 14 mukamayenda mwakachetechete. Kenako pa malo otetezeka, makamaka pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini), pondani pang'ono kwa masekondi awiri kapena atatu, wina akuwerenga mageji. Mu boost wideband ikhale pakati pa 11.5 ndi 12.0. Ikapita ku 13 ndiye kuti petulo wachepa, chotsani phazi nthawi yomweyo ndipo kulitsani ma jet, timabowo todutsa petulo mu kabuleta. Geji ya petulo ikatsika pansi pa psi 5, vuto ndi pampu kapena paipi, ma jet sangathandize.

Kugogoda kumamveka ngati timiyala tikugwedezedwa m'chitini, koma ndi kulira kwa blower ndi ekizozi mwina simungakumve, choncho mapulagi ndiwo akuuzeni. Mukangomaliza kukoka, zimitsani injini osaisiya pa idle, ndipo masulani mapulagi. Yang'anani ndi galasi lokulitsa pa dothi loyera lija. Timadontho takuda ngati tsabola wopera tikutanthauza kuti injini yagogoda. Timadontho tonyezimira ndi aluminiyamu wochoka pa pisitoni, ndipo pamenepo bwezani timing ndi madigiri 3 kapena 4 musanalizenso. Pa kachitsulo kopindika ka pulagi pamaoneka pamene mtundu wasintha chifukwa cha kutentha. Pakakhala pa ngodya yopindikira, timing ili pafupi ndi pabwino, ndipo pakayandikira ku mazinga a pulagi, yachuluka. Onani mapulagi onse 8, poti petulo sagawanika mofanana pansi pa blower ndipo silinda imodzi yakumapeto imatha kuuma zinzake zili bwino.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi n'kulemba m'kabuku: jet, timing, kutentha kwa tsikulo ndi mtundu wa petulo. Pule yaing'ono yowonjezera boost iganizireni pokhapokha galimoto itaima mphindi 20 pa dzuwa la masana injini ikulira osapitirira madigiri 100, itakwera chitunda chachitali geji osasuntha, ndipo mapulagi onse atatuluka oyera. Mukaisintha, bwererani ku masamu a compression, bwezani bokosi la timing pa madigiri 2 pa psi, kulitsani ma jet ndi masitepe awiri, ndipo yambiraninso ndi kukoka kwa masekondi atatu.